Momwe mungakonzere chipinda cha mwana wamng'ono amene mwamutenga kuti akhale wanu

Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu amafika pakhomo panu ali kale ndi zizolowezi zake. Ngati anali kumalo osungirako ana, mwina sanagonepo yekha m'chipinda chibadwire. Choncho musanagule kanthu, khalani pansi ndi amayi amene akhala akumusamalira muwafunse: amagona nyale ikuyaka kapena mumdima? Pabedi kapena pamphasa? Amakodza pogona? Pali kansalu kapena kachidole kamene sasiyana nako? Mayankho amenewa ndi amene akuuzeni zoti mugule. A ofesi yoona za chisamaliro cha anthu akamabwera kudzayendera pakhomo khoti lisanagamule, chimene amafuna kuona ndi malo aukhondo ndi otetezeka, makatani okwera mtengo alibe nawo ntchito.

Sankhani chipinda choyandikana ndi chanu, choti akalira usiku mumumve. Tulutsanimo matumba a chimanga, feteleza ndi mankhwala a anankafumbwe, chifukwa ambirife chipinda chopanda munthu timachisandutsa nkhokwe. Kenaka yang'anani khoma, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ntchito yathu inavutira.

Nyumba yathu ili kumunsi, madzi a mvula ankaima kuseri kwa khoma. Wopenta amene tinamulemba anaona kuti m'munsi mwa khomalo mwadetsedwa, akuti penti ibisa zonse. Inabisadi, koma mvula itangolimbika pentiyo inatukumuka n'kuyamba kusupuka. Mwana wa msinkhu uwu akaona kachibenthu ka penti kakulendewera amakasupula ndi chikhadabo, ndipo kopita kwake ndi mkamwa. Tinakanda khoma lonse n'kuyambiranso, ndalama kawiri.

Njira yake ndi iyi. Gwirani khoma ndi chikhatho m'mawa, makamaka m'munsi ndi m'makona. Likazizira monyowa, kapena pakaoneka ufa woyera ngati mchere, muli chinyezi. Kuti mutsimikize, matani kapepala ka pulasitiki pakhomapo ndi tepi mbali zonse, mukasiye usiku umodzi kapena uwiri. Mukapeza madontho kunsi kwake, madzi akuchokera m'khoma momwemo. Yambani kunja: kumbani ngalande madzi azithawa, konzani khonde la simenti ngati linasweka, onaninso malata ngati sakudontha. Mukatero kandani penti yakale yonse yofooka, koma muzinyowetsa kaye pamene mukukandapo kuti fumbi lisabuke, ndipo mukolope bwino mukamaliza. Matani ming'alu, dikirani khoma liume ndithu. Pulasitala watsopano amafuna milungu ingapo. Wopenta akamakufulumizitsani, dziwani kuti akufuna alandire zake azipita. Khoma likauma pakani andakoti (penti ya pansi yogwiritsa inzake), kenaka penti yeniyeni kawiri, yoyamba iume musanabwereze.

Penti yake ikhale ya madzi, ya PVA, ndipo ngati thumba likulola tengani yotheka kupukuta ndi kansalu konyowa, poti makala ndi zala za phala zifikapo ndithu. Ya mafuta ipeweni m'chipinda cha mwana. Fungo lake limatenga nthawi kuti lithe, komanso mitundu ina, makamaka yachikasu ndi yofiira, imatha kukhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa mwana pang'onopang'ono popanda chizindikiro. Werengani pachitini ngati alemba kuti mulibe mtovu. Samalaninso ndi ogulitsa ena amene amathira madzi m'penti n'kutsekanso chitini: chivundikiro chikakhala chopindika m'mbali, kapena mtengo ukatsika modabwitsa, chisiyeni. Penti yosungunulidwa mupaka kanayi khoma likuonekerabe. Za mitengo sindilemba, chifukwa chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero si wa mawa. Yendani masitolo angapo, ndipo penti mukagule nokha, musatume wopenta. Zonsezi zithe kukadali milungu iwiri mwana asanafike, mawindo ali otsegula.

Mtundu wa penti musalimbane nawo. Woyera, wa kirimu kapena wobiriwira pang'ono ndi wokwanira. Zojambula za nyama khoma lonse zimasangalatsa ife akuluakulu, koma mwana amene wasintha nyumba, nkhope ndi chakudya tsiku limodzi zimangomuchulukira. Siyani khoma limodzi lopanda kanthu, mudzamatepo zimene iye adzasankhe akazolowera.

Tsopano bedi. Wa zaka ziwiri amakwera, ndiye kabedi ka khanda kotchinga mbali zonse n'kungotaya ndalama. Uzani kalipentala akupangireni bedi lalifupi, losapitirira m'mawondo anu, lokhala ndi kathabwa kotchinga mbali imodzi. Ngati aikapo timitengo totchingira, mpata wake usapitirire masentimita 6 kuti mutu usakodwe. A ku Mchesi kapena ku Ndirande amapanga bwino mukawapatsa miyezo, koma musalipire zonse ntchito isanathe, ndipo muonetsetse kuti matabwa ndi ouma. Aawisi amapindika bedi n'kuyamba kulira. Sisitani dzanja m'makona monse kufunafuna misomali. Matiresi muwakute ndi pulasitiki yolimba kunsi kwa nsalu yoyala, chifukwa ngakhale mwana amene anasiya kukodza pogona amatha kuyambiranso akasintha malo, ndipo si nkhani yomukalipira.

Pambali pa bedi lake siyani malo oti muyalepo matiresi anu kapena mphasa. Masiku oyamba mugona momwemo. Ena amayamba ndi kumugoneka kuchipinda kwawo, chake chija n'kumangoseweramo masana, ndipo palibe cholakwika.

Chimene wabwera nacho, kaya ndi chitenje chakutha kaya kabulangeti kothimbirira, chiikeni pabedi momwe chilili. Musachichape msanga, musachisinthe ndi chatsopano. Fungo limenelo ndi lokhalo limene akulidziwa m'nyumba yonseyo. Ngati muli ndi chithunzi cha amene ankamulera, chipachikeni pamsinkhu wa maso ake pamodzi ndi cha banja lanu.

Neti ndi yosakambirana. Ikhale yonyikidwa m'mankhwala, ndipo yatsopano muiyanike pamthunzi tsiku lathunthu musanaimange. Zingwe zake zikhale pamwamba posafikira iye, chimodzimodzi zingwe za makatani. Makataniwo zitenje ziwiri kwa telala zakwana.

Zotsalazi ndi zachangu. Wadiropu kapena shelefu imangiriridwe kukhoma ndi zitsulo, poti adzakwera madirowa ngati makwerero. Masoketi atsekeni kapena atchingeni ndi katundu wolemera. Gulani kanyale ka sola ka nthawi imene magetsi azima; kandulo, koyilo ya udzudzu ndi mbaula zisalowe m'chipindamo ngakhale kuzizire bwanji mu Juni. Pansi yalani mkeka. Zidole za pakaunjika zichapeni ndi madzi otentha, chotsani maso omata ndi timabatire tozungulira, ndipo chilichonse chokwana mkamwa mwake chichoke. Ikani zitatu kapena zinayi m'dengu pansi, zinazo mubise muzitulutsa pang'onopang'ono. Mukamaliza gwadani, mukwawe chipinda chonse, muchotse chilichonse chimene dzanja lanu lapeza m'munsimo.