Kusankha kukula kwa khola la chinkhwe chotuwa

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kugula khola lachitsulo la chinkhwe chotuwa, chija chamchira wofiira chimene kwawo ndi m'nkhalango za ku Congo, Cameroon, Gabon ndi maiko oyandikana nawo. Za kamangidwe ka khola sindichedwapo. Zithunzi zili m'bokosi, mabauti ali m'kathumba, ndipo ntchito yake ndi ya anthu awiri ndi sipanala imodzi. Pofunika kufatsa ndi posankha, chifukwa khola laling'ono silikuzika, pamene mbalame imeneyi ikasamalidwa bwino imakhala zaka 40 mpaka 60.

Pepala limene wopanga khola amaika m'bokosi likuti: khola la chinkhwe chimodzi lisachepere masentimita 90 kuchoka kumanzere kufika kumanja, masentimita 60 kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo, ndi masentimita 120 kuchoka pansi kufika pamwamba. Pa mabokosi olembedwa m'mainchesi mudzaona 36, 24 ndi 48. Miyezo imeneyi ndi yoyambira chabe. Gulani khola lalikulu koposa limene nyumba ndi thumba lanu zingalole.

Apa ndi pamene ambiri amanamizika. Manambala a pabokosi kawirikawiri amawerengera miyendo, mawilo, kabwalo kosewerera ka padenga, ndi malata otulukira m'mbali ogwira zakudya zogwa. Khola lolembedwa kuti ndi lalitali masentimita 160 likhoza kukhala ndi malo a mbalame osakwana mita imodzi. Pitani ku shopu ndi tepi yanu, tsegulani chitseko, muyeze mkati, kuyambira pa waya wapansi pomwe mbalame imaponda kufika kudenga. Wogulitsa akakana kuti muyeze, mwina pali chimene akubisa.

Chinkhwe chotuwa ndi chachitali pafupifupi masentimita 33, chimalemera magalamu 400 mpaka 500, ndipo chikatambasula mapiko onse awiri chimatenga masentimita 46 mpaka 52. Tsopano ganizirani khola la masentimita 60 kulowa mkati. Mukaikamo mitengo yoterapo, mbale ziwiri kapena zitatu ndi zoseweretsa zolendewera, pokupizira mapiko patsala pati? Mbalame imafuna kukupiza mapiko mwamphamvu itagwira mtengo, makamaka m'mawa, ndipo nthenga zikamagunda zitsulo zimathetheka kunsonga. Mchira wofiira uja umayamba kuoneka wothothoka ndi wakuda. Ine ndimalangiza masentimita 120 m'mbali ndi 75 kapena 80 kulowa mkati. Wina angati ndikukokomeza, koma ku Germany malangizo a boma a mu 1995 amatchula mamita 2 m'litali, mita 1 m'lifupi ndi mita 1 kupita m'mwamba kwa zinkhwe za msinkhu umenewu. Musanalipire, yezaninso chitseko cha nyumba yanu, kuti khola lizitha kutuluka panja tsiku lotsuka popanda kulimasula.

Makola ambiri ogulitsa ndi aatali ndi opyapyala chifukwa amaoneka bwino pakona ya chipinda chochezera. Kutalikako sikuthandiza kwenikweni. Chinkhwe chimakonda kukhala pamwamba, pansi chimangotsikirako kukatola chakudya chimene chagwa, ndipo kuyenda kwake kwambiri ndi kopita m'mbali. Mukapatsidwa makola awiri a mtengo umodzi, tengani lotambalala. Khola lozungulira musagule: lilibe kona yoti mbalame ibisalepo ikachita mantha, ndipo zitsulo zake zimakumana mopanikizana kudenga, pomwe chala chimatha kukodwa. Chinkhwe cha Timneh, chocheperako thupi ndi chamchira wofiira moderako, chimafuna khola la miyezo yomweyi.

Pabokosi pamakhalanso mawu akuti bar spacing. Umenewu ndi mpata wa pakati pa chitsulo ndi chinzake, ndipo uyenera kukhala masentimita 2 mpaka 2.5. Ukaposa pamenepo mbalame imalowetsa mutu n'kukanika kuutulutsa, ndipo ikayamba kulimbana imadzithyola khosi. Yezani mipata ingapo, makamaka pafupi ndi zitseko ndi m'makona, chifukwa si yonse imakhala yofanana. Zitsulo zikhale zokhuthala pafupifupi mamilimita 4. Gwirani ziwiri ndi zala, muzifinye: zikapindika, mlomo wa chinkhwe udzazipinda msanga kuposa inu. Mbali ziwiri zikhale ndi zitsulo zopingasa, kuti chizikwera mosavuta ndi mlomo ndi mapazi.

Pa nkhani ya chitsulo, pepala la wopanga limangoti "zopangira zosavulaza mbalame". Mawu amenewa ndi osakwanira. Chinkhwe chimagwira chitsulo ndi mlomo ndi lilime tsiku lonse, choncho chilichonse chimene chili pachitsulopo chimathera m'mimba. Stainless steel ndiyo yabwino koposa, sichita dzimbiri, koma ndi yodula. Powder coated ndi chitsulo chimene anachiwaza utoto wouma n'kuuwotcha m'ng'anjo mpaka kumatirira. Ndi chabwino malinga ngati sichinayambe kusupuka. Galvanised ndi chitsulo chokutidwa ndi zinc, monga waya wa nkhuku ndi malata, ndipo chimenechi ndi poizoni kwa zinkhwe. Mbalame yodwala ndi zinc imafooka, imasanza, imamwa madzi kwambiri, zitosi zimasintha, ndipo nthawi zina imakomoka. Mukaona zimenezi pitani nayo kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Ndikudziwa kuti makola ochokera kunja ndi okwera mtengo ndipo ambiri adzapita kwa owotcherera zitsulo, monga aja a ku Kalingalinga mu Lusaka. Palibe cholakwika, ndipo nthawi zambiri mumapeza khola lalikulu kuposa la m'shopu. Koma muwapatse miyezo yolembedwa papepala, muwauze kuti asagwiritse ntchito waya wa galvanised, asalaze malo onse owotcherera kuti pasatsale timibulu tachitsulo toti mbalame ingabanthule, ndipo asapake penti yotsala ya pa geti. Penti zina zakale ndi zotchipa zimakhala ndi mtovu wa lead. Ngati mungathe, litengereni kwa opaka powder coating.

Chitseko chachikulu chikhale choti mbalame ituluke itakhala padzanja panu popanda kuweramitsa mutu. Mbale zizichotsedwa kudzera pa tizitseko take tapambali. Zotsekera zimene zimabwera ndi khola musazikhulupirire kwambiri, chifukwa chinkhwe chimayang'ana mmene mukutsegulira ndipo chimaphunzira. Ikani loko yaing'ono.

Mitengo yoterapo yosalala imene imabwera m'bokosi ndi ya kukula kumodzi, ndipo phazi likamagwira malo amodzimodzi limachita zilonda. Onjezerani nthambi zenizeni zokhuthala mosiyanasiyana, masentimita 2.5 mpaka 4. Za mgwafa ndi za mabulosi ndi zabwino, zikatsukidwa ndi kuumitsidwa padzuwa, bola mtengowo usakhale wopoperedwa mankhwala. Kotapela ayi, kaya nthambi, masamba kapena chipatso chake. Mapolo onyikidwa m'mankhwala a chiswe nawonso ayi. Musadzaze khola: pakati pasiyidwe poyera, ndipo mtengo usakhale pamwamba pa mbale, kuopa zitosi.

Khola liime mbali imodzi itatsamira khoma, m'chipinda chimene anthu amakhalamo, kutali ndi khitchini. Wopanga amachenjeza za utsi wa mapoto a non-stick, aja osamatirira chakudya, akatenthedwa kwambiri, umene umapha mbalame m'kanthawi kochepa. Sananene za mbaula. Malaiti akapita ndipo mwayatsa malasha, mbaula isalowe m'chipinda muli chinkhwe. Chimodzimodzi koilo ya udzudzu ndi mankhwala opopera tizilombo. M'mwezi wa October musaike khola pawindo lowomba dzuwa la masana, ndipo mu June ndi July liphimbeni mbali zitatu usiku. Kadzuwa ka m'mawa pakhonde n'kofunika, pakuti zinkhwe zotuwa zimavutika kawirikawiri ndi kuchepa kwa calcium m'thupi, ndipo dzuwa limathandiza thupi kuyamwa calcium ya m'zakudya, koma dzuwa lodutsa pagalasi silithandiza. Theka la khola likhale pamthunzi, ndipo munthu akhale pafupi chifukwa cha amphaka.

Ngakhale khola litakula bwanji, chinkhwe chimafunika kutuluka maola angapo tsiku lililonse, mawindo atatsekedwa ndi fani itazimitsidwa. Chotsekeredwa nthawi zonse chimayamba kudzizula nthenga za pachifuwa, ndipo chizolowezi chimenechi n'chovuta kuletsa.

Pepala la wopanga silitchula za lamulo. Pa msonkhano wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo, ku Johannesburg mu 2016 chinkhwe chotuwa chinaikidwa pa Appendix I, mndandanda wa zamoyo zotetezedwa koposa, ndipo kuyambira January 2017 malonda a pakati pa maiko a zinkhwe zogwidwa kuthengo ndi oletsedwa. Kuno amene amaona za zilolezo ndi a Department of National Parks and Wildlife. Afunseni kaye, ndipo musagule mbalame yopanda mapepala osonyeza kumene inaswedwera.

Khola latsopano likafika, musakankhiremo mbalame tsiku lomwelo. Zinkhwe zotuwa zimaopa kwambiri zinthu zachilendo. Liikeni pafupi ndi lakale kwa masiku angapo zitseko zili zotsegula, musamutsiremo mtengo umene chimaukonda ndi mbale yake yakale, muikemo nshawa zochepa kapena kachidutswa ka papaya, chilowe chokha.