Mmene mungayesere chida chanu musanayambe kafukufuku

Musanayambe kusonkhanitsa manambala, yesani kaye chida chanu, kaya ndi sikelo kapena mafunso olembedwa papepala. Tengani paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi ndipo muiyeze kasanu. Ngati sikelo ikusonyeza 1.2 ulendo uliwonse, ndiye kuti siisinthasintha, koma ikunama mofanana nthawi zonse, ndipo cholakwika chotere sichitha ngakhale mutayeza ana chikwi, popeza onsewo adzaoneka olemererapo. Kawirikawiri mumachikonza pobweza muvi wa sikelo pa ziro. Ikasonyeza 0.9, kenako 1.1, cholakwikacho chikungochitika mwangozi, ndipo chimachepa mukayeza kangapo n'kutenga avereji.

Mafunso ndiwo amavuta kwambiri. Afunseni anthu omwewo kawiri, motalikitsa milungu iwiri, muone ngati mayankho awo akugwirizana. Ngati mafunso angapo akuyeza chinthu chimodzi, werengerani alpha ya Cronbach, nambala yosonyeza mmene mayankho a mafunsowo akugwirizanirana, yomwe Lee Cronbach adaifotokoza mu 1951. Ambiri amavomereza 0.7 kapena kuposerapo, komatu nambalayi imakwera mukangochulukitsa mafunso, choncho musaidalire mopitirira muyezo.

Mayankho angathe kugwirizana bwinobwino pomwe inu mukuyeza chinthu china. Funso lakuti "Kodi mumapeza ndalama zingati pamwezi?" silingasonyeze umphawi wa mlimi yemwe amadya chimanga cha m'nkhokwe mwake n'kumagulitsa fodya kamodzi pachaka. Mufunseni zomwe banja lake ladya ndi kugula m'masiku asanu ndi awiri apitawa, kenako muyerekeze mayankhowo ndi zomwe mwaona nokha pakhomopo.