Lekani kukakamira zitsulo poyezetsa mtima ndi mapapo

Miyezi ino ndaona vuto limodzi likubwerezabwereza m'chipinda choyezera. Munthu akangokwera pa treadmill, makina okhala ndi lamba woyenda amene munthu amayendapo ali pamalo amodzi, manja onse amakakamira chitsulo chakutsogolo, thupi lonse n'kutsamira pomwepo. Abale anga, khalidweli likutiwonongera zotsatira.

Timakuyendetsani dala kuti mtima ndi mapapo zigwire ntchito yolemetsa ife tikuona. Njira yofala ndi ya dokotala wa mtima Robert Bruce ya mu 1963: lamba amayamba pa liwiro la makilomita 2.7 pa ola, atakwezedwa ngati chitunda ndi 10 peresenti, ndipo mphindi zitatu zilizonse liwiro ndi chitundacho zimawonjezeka. Tsono mukatsamira, chitsulo chimakusenzerani mbali ina ya thupi. Miyendo imapepukidwa, minofu imafuna okosijeni wochepa, mtima sufulumira mmene ukanafulumirira. Mumakhalitsa palambapo, ndipo ngati mphamvu zanu tikuziwerengera pa mphindi zomwe mwayenda, pepala limakupatsani mphamvu zomwe mulibe. Choopsa n'chakuti mitsempha ya mtima ikayamba kuchepa njira, nthawi zambiri imadziulula pa ECG (mizere yoonetsa mmene mtima ukugundira) mtimawo ukapanikizika. Kwa munthu wa zaka 60 timafuna kuti ugunde kufika pa 136 pa mphindi, yomwe ndi 85 peresenti ya 160, malire a kugunda kwa mtima amene timayembekeza pa zaka zimenezi. Wotsamira amachedwa kufikapo, wina amatsika asanafike n'komwe, n'kubwerera kwawo atanyamula matenda ake.

Mlimi wina wachikulire ankadandaula kuti akalima pang'ono chifuwa chimamuthina. Palamba anagwira chitsulo mpaka zala kuyera, nayenda nthawi yaitali, akunyadira. Titabwereza tsiku lina zala zokha zitakhudza chitsulo, chifuwa chinathina msanga, mizere ya ECG n'kusintha. Iye anati, "Ndimayesa chofunika n'kusagonja." Maganizo amenewa anditopetsa. Si mpikisano uwu! Ndipo oyeza ena amangoyang'ana osanena kanthu, poopa kukhumudwitsa wodwala.

Ngati mukuopa kugwa, nenani musanayambe. Ikani zala ziwiri pachitsulo kuti musadzandire basi, kapena pemphani njinga yopalasa pamalo amodzi. Valani nsapato zogwira bwino. Musasute, musamwe khofi kapena kudya kwambiri maola atatu musanayezedwe. Tchulani mankhwala onse amene mukumwa, makamaka ochepetsa kugunda kwa mtima monga atenolol, koma musawasiye mwa inu nokha. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire, nenani pompo tiimitse lamba.