Presha ya boila ikutsika yokha: koyambira kufufuza

Pa boila yotseka (yomwe madzi ake amazungulira m'mapaipi osatuluka) ya pa loji ku Senga Bay, geji ya presha ikutsika tsiku ndi tsiku. Konzani geji ya matayala, pompa ya njinga ndi jumbo.

1. Zimitsani boila izizire. Onjezani madzi mpaka 1.2 bar (bar ndi muyezo wa presha).
2. Mangani jumbo kukamwa kwa paipi ya valavu yotetezera. Valavuyi imatseguka pa 3 bar kuti itulutse madzi. Jumbo ikanyowa presha isanafike pamenepo, valavuyo yatha.
3. Dinani kamsomali ka mpweya pa expansion vessel (kathanki kokhala ndi mpweya komwe kamalandira madzi akamafufuma ndi kutentha). Pakatuluka madzi, labala lamkati lang'ambika.
4. Apa ndiye ambiri amalakwitsa: amayeza mpweya wa m'kathankika boila ikadali ndi presha, geji nkuwanamiza. Tulutsani madzi geji ya boila ifike pa 0, kenako popani mpweya m'kathankika mpaka geji ya matayala ifike pafupifupi 1 bar.
5. Dzazaninso, tsekani mavalavu apansi pa boila usiku wonse. Geji ikatsikabe, vuto lili m'boilamo. Ikapanda kutsika, sakani m'mapaipi, makamaka polumikizira pomwe pabiriwira.