Mmene mungadziwire wozembetsa anthu asanakutengereni mwana

Wozembetsa anthu nthawi zambiri ndi munthu wodziwika, mnzanu wa kutchalitchi kapena wachibale, amene akuti wapezera mtsikana wanu ntchito ya m'nyumba ku Oman kapena ya m'sitolo ku Joni.

Mufunseni dzina la bwana, adiresi ya kuntchito, malipiro ake, ndi kontirakiti yolembedwa m'chilankhulo chomwe mukumva. Akayamba kuzemba mafunso, kapena akati musauze anthu kuopa nsanje, pamenepo pali kanthu. Chenjerani kwambiri ngati akulipira yekha pasipoti, viza ndi tikiti. Ndalama imeneyo imadzasanduka ngongole yosatha, mwana n'kumagwira ntchito miyezi osalandira kalikonse. Ku Oman viza imamangidwa pa dzina la bwana, ndiye akalanda pasipoti ndi foni, wothawayo ndi amene amaoneka wolakwa.

Asananyamuke, kafunseni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ngati wolembayo akudziwika. Fotokope ya pasipoti itsale pakhomo. Mwana aloweze pamtima nambala ziwiri za foni, ndipo mugwirizane mawu achinsinsi oti adzanene zikavuta, poti nthawi zina amaimba bwana ali pambali pake.

Kumudzi nkhaniyi imabwera mwa njira ina: munthu akusonkhanitsa anyamata okagwira ntchito m'minda ya fodya kapena kukaweta ng'ombe ku Zambia, makolo n'kuwasiyira kandalama. Mafumu asamangoyang'ana zimenezi.

Musakangane naye nokha, angathawe ndi ana. Lembani nambala ya galimoto, kanenani ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana. Lamulo la Malawi la 2015 loletsa kuzembetsa anthu limapereka zaka zofika 14 kundende, ndi 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana.