Mawu a Chijeremani olembedwa pa ELT, chipangizo choitana opulumutsa ndege ikagwa

Kuno ku Ntcheu palibe amene waiwala 10 June 2024, tsiku limene ndege ya Dornier 228 yonyamula Dr Saulos Chilima inagwa ku Chikangawa n'kupezeka mawa lake. Akatswiri a BFU, bungwe la ku Germany lofufuza ngozi za ndege, anapeza kuti batire la ELT ya ndegeyo linatha nthawi yake mu 2004. Choncho inu amene mukuphunzira kukonza ndege, mawu awa muwadziwe bwino, chifukwa ndege zopangidwa kapena kugulidwa ku Germany zimabwera ndi mapepala a Chijeremani.

Pa Chijeremani ELT amaitcha Notsender, ena amati Notfunkbake. Not ndi ngozi, Sender ndi chotumiza uthenga. Yambani ndi batire. Pezani pamene palembedwa Ablaufdatum, tsiku lotha ntchito, muyerekeze ndi zolembedwa m'mabuku a ndegeyo. Ajeremani amayamba ndi tsiku kenako mwezi: 03.11.2026 ndi 3 November, osati 11 March. Tsikulo likadutsa, sinthani batire ngakhale nyale ikuyaka.

Kenako onani switchi. Ein ndi kuyatsa, Aus ndi kuzimitsa, koma ndege isananyamuke switchi iyenera kukhala pa ARM, yomwe amati scharf, kutanthauza kuti chipangizocho chili tcheru. Ili pamenepo, G-Schalter, switchi yomva kugunda, imayatsa yokha chipangizocho ndege ikamenya pansi mwamphamvu. Ikasiyidwa pa Aus, chimangokhala chete, ngakhale batire likhale latsopano. Gwiraninso waya wopita ku Antenne (eriyo), muone ngati sunamasuke kapena kuchita dzimbiri.

Chipangizochi chimalankhula pawiri. Pa 406 MHz chimatumiza uthenga ku masetilaiti othandiza opulumutsa a Cospas-Sarsat pafupifupi masekondi 50 aliwonse, pomwe pa 121.5 MHz chimatulutsa Peilsignal, kulira kumene osaka amalondola akafika pafupi. Masetilaiti anasiya kumvera 121.5 MHz pa 1 February 2009, ndiye chipangizo chakale chopanda 406 sichimveka kumwambako. M'mapiri ngati a ku Dedza, kukagwa nkhungu, osaka amadalira kwambiri chipangizochi.

Kennung ndi nambala ya zilembo ndi manambala 15 yozindikiritsa chipangizocho. Chogulidwa ku Germany chimakhala ndi nambala ya dziko 218, ya Malawi ndi 655. Chisinthitseni n'kuchilembetsa kuno, apo ayi uthenga udzapita kwa anthu amene sakukudziwani.

Poyesa, gwiritsani ntchito Selbsttest, njira yoti chipangizocho chidziyese chokha, monga buku lake likunenera. Chikayaka mwangozi, chomwe amati Fehlalarm, zimitsani ndipo dziwitsani oyang'anira kayendedwe ka ndege ku Kamuzu International Airport nthawi yomweyo, kuti a Such- und Rettungsdienst, osaka ndi kupulumutsa, asanyamuke pachabe.