Momwe mungakwerere Sapitwa ndi kutsikako bwino

Sapitwa ndi nsonga yayitali kwambiri paphiri la Mulanje komanso m'Malawi muno, ndipo ili pamtunda wa mamita 3,002 kuchokera pamulingo wa nyanja yamchere. Dzina lakelo likuchenjeza kale, ndipo makolo a m'midzi ya m'tsinde mwa phirili ankalemekeza malowa ngati mokhala mizimu. Masiku ano anthu ambiri amakafikako opanda zingwe kapena zida zapadera, koma ulendowu umafuna munthu wokonzeka, yemwenso ndi wololera kubwerera panjira nyengo ikamukana.

Choyamba kusankha ndi nthawi ya chaka. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, matanthwe amakhala oterera ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi, choncho ndi bwino kudikira. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti njira zimakhala zouma ndipo mpweya umakhala woyera, koma iyi ndi nyengonso ya chiperoni, nkhungu yozizira yosakanikirana ndi mvula yowaza yomwe imachokera chakum'mwera chakum'mawa, mbali ya Mozambique, ndipo imatha kukuta phiri masiku angapo. Mu Juni ndi Julayi kumwambako kumazizira mpaka madzi kuundana usiku. Seputembala ndi Okutobala chiperoni chimachepa, koma dzuwa limawotcha ndipo utsi wa moto wolusa umabisa zoti muone kutali. Mwezi uliwonse womwe mungasankhe, onjezerani tsiku limodzi lapadera pandondomeko yanu loti mudikirire nyengo.

Anthu ambiri amayambira pa ofesi ya zankhalango ya Likhubula, yomwe mumaifika mukapatukira pa Chitakale kulowera msewu wa ku Phalombe. Apa mumalembetsa maina, kulipira ndalama zolowera ndi zogonera m'nyumba za paphiri, ndi kupeza wolondolera njira wovomerezeka pamodzi ndi onyamula katundu ngati mukuwafuna. Mugwirizane nawo za malipiro ndi chakudya musananyamuke. Musayerekeze kupita ku Sapitwa popanda wolondolera, ngakhale mutakhala kuti mudakwerapo mapiri ena. Mu 2009 mlendo wina wochokera ku Brazil adasiyana ndi womulondolera n'kupitiriza yekha, nkhungu idamutsekera njira, ndipo adapezeka atamwalira patapita masiku ambiri akumufunafuna. Kuwonjezera apo, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adagumula mbali zina za phirili, ndipo amene amayendamo sabata ndi sabata ndiwo akudziwa momwe njira zilili lero.

Katundu akhale wochepa koma wokwanira. Nsapato zikhale zogwira bwino pamwala ndiponso zomwe mapazi anu adazizolowera kale, chifukwa nsapato yatsopano imatulutsa matuza tsiku loyamba lomwelo. Tengani juzi yokhuthala, jekete yosalowa madzi, chipewa, magolovesi, tochi yovala kumutu ndi mabatire apadera, thumba logonamo kapena bulangete, botolo la madzi, ndi mankhwala a pachilonda. Zakudya mumanyamula nokha: ufa kapena mpunga, ndiwo zosachedwa kupsa, tiyi ndi shuga, komanso zotafuna panjira monga mtedza, nthochi ndi mbatata yophika. M'nyumba za paphiri mumakhala mlonda amene amathandiza ndi nkhuni ndi madzi, ndipo ndi ulemu kumusiyira kangachepe pochoka.

Nyumba yoyandikira Sapitwa ndi ya Chisepo, yomwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 2,200. Anthu amphamvu amatha kuchoka ku Likhubula m'mamawa n'kukafika ku Chisepo tsiku lomwelo, koma langizo langa ndi lakuti mugone kaye kunyumba ina ya paphiri, ya Chambe. Ku Chambeko mukhoza kukwera kudzera njira ya Skyline, yomwe ndi yachindunji koma yotsetsereka kwambiri, kapena ya Chapaluka, yomwe imatsata mtsinje ndi kudutsa pafupi ndi mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Tsiku lachiwiri mumayenda maola atatu kapena anayi kukafika ku Chisepo, kudutsa m'madambo a udzu ndi m'zigwa momwe kale mudali mikungudza yambiri ya Mulanje, mtengo wa fuko lathu womwe odula mitengo mozembera lamulo atsala pang'ono kuutha. Kuyenda motere kumapatsa thupi mpata wozolowera mtunda, ndipo miyendo imafika patsiku lalikulu isanatheretu.

Usiku wa ku Chisepo, khalani pansi ndi wolondolera wanu mugwirizane nthawi yobwerera. Ngati mwapangana kuti ikakwana 11 koloko m'mawa mutembenuka, mutembenukedi nthawi imeneyo, ngakhale nsonga ikuoneka pafupi. Nyamukani kukungocha, chifukwa mitambo imakonda kusonkhana dzuwa likakwera. Katundu wolemera musiyeni kwa mlonda, mungobereka kachikwama ka madzi okwanira, chakudya, zofunda ndi tochi, popeza kumtunda madzi ndi osadalirika. Mukadzuka n'kupeza kuti kwagwa mvula usiku kapena nkhungu yatsikira mpaka pakhomo, tsiku limenelo si lokwera.

Njira ikangochoka panyumbayi imayamba kukwera matanthwe aakulu otsetsereka kotero kuti malo ena mumakwawa ndi manja ndi miyendo. Pondani ndi phazi lonse, thupi liweramire kutsogolo pang'ono, ndipo musadalire zitsamba zomera m'ming'alu chifukwa mizu yake ndi yosazama. Mwalawo ndi wokhakhala, umagwira nsapato bwino ukakhala wouma, koma umasupula zikhatho, ndiye apa mpamene magolovesi amathandiza. Pamiyala pali zizindikiro za penti yofiira zolozera njira. Musachoke pachizindikiro chimodzi musanaone chotsatira, ndipo chikasowa bwererani pomwe munaona chomaliza m'malo mongoganizira. Chakumtunda mumalowa pakati pa miyala ikuluikulu yosanjikizana, pomwe muyenera kuvula chikwama, kuchipatsira mnzanu, n'kudzipanikiza pampata wopapatiza kapena kukwawa pansi pa mwala. Pali timitengo tokutidwa ndi ndere tomwe timabisa maenje pakati pa miyala, choncho yesani kaye pomwe mukuponda. Kangapo konse mudzaganiza kuti mwafika, kenako n'kuona nsonga ina patsogolo. Kawirikawiri kukwera kumatenga maola atatu kapena anayi.

Pamwamba penipeni pali chipilala chaching'ono cha simenti. Kukakhala kowala mumaona chigwa cha Phalombe, nyanja ya Chilwa ndi mapiri a ku Mozambique. Mphepo ya pamenepo imalowa m'mafupa thukuta likangouma, choncho valani jekete nthawi yomweyo, idyani kanthu, ndipo musakhalitse.

Kutsika kumatenga nthawi yofanana ndi kukwera, ndipo ndi pomwe pamafunika chidwi chachikulu chifukwa mawondo amakhala akunjenjemera. Pamatanthwe otsetsereka khalani pansi ndi kutsetsereka pang'onopang'ono, manja atagwira mwala, osachita manyazi ndi buluku long'ambika. Gulu lisamwazikane, ndipo woyenda pang'onopang'ono akhale pafupi ndi wolondolera. Wina akayamba kunjenjemera kosalekeza, kulankhula mosokonekera kapena kupunthwa pafupipafupi, dziwani kuti thupi lake lazizira mopitirira muyeso: muvekeni zouma, mupatseni chakudya cha shuga, ndipo mutetezeni ku mphepo. Nkhungu ikakupezani panjira mpaka zizindikiro kusaoneka, bisalani pansi pa mwala, khalani moyandikana, ndipo dikirani kuti kuyere. Mukafika ku Chisepo gonani pomwepo, mudzatsikire ku Likhubula mawa lake, ndipo mukadziwitse a ku ofesi kuti nonse mwabwerako.